Kuseri kwa Glasgow: fodya, mitembo ndi chilombo cha mano achitsulo



Nonse mukudziwa momwe timaphunzitsira mutu wa kubwera kwa amishoni. Timalemba pa bolodi mayina a David Livingstone, Robert Laws ndi Henry Henderson, pambali pake n'kuika zaka: 1859, 1875, 1876. Ana amakopera, amaloweza, mayeso akafika amatibwezera zomwezo, ife n'kuchonga. Ine ndinachita zimenezi kwa zaka zingapo mtima uli m'malo, mpaka tsiku lina mtsikana wina wokhala kumbuyo kwenikweni anakweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi kwawo kwa azunguwa kunalibe mavuto, kuti achite kubwera kudzathetsa athu kuno?" Kalasi yonse inaseka. Ine ndinamuyankha kuti funso lakelo silili mu silabasi. Belu litalira ndinatola choko changa n'kutuluka, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndamuthawa mwanayo. Yankho ndinalibe.

Patapita zaka, chifukwa cha ubale wa sukulu yathu ndi sukulu ina ya ku Scotland, ndinakakhala masabata awiri mumzinda wa Glasgow. Amene anandisunga anali mayi ena achikulire, aphunzitsi a histole ngati ine, obadwira mumzinda momwemo. Tikaweruka ankanditenga wapansi n'kumandilozera misewu, nyumba ndi manda, uku akusimba. Nditabwerako ndinapitiriza kuwerenga ndekha. Zimene ndalemba panozi ndi yankho lochedwa kwa mwana uja.

Mwina wina afunsa kuti za Glasgow zikutikhudza bwanji ife. Glasgow ndi mzinda waukulu kuposa yonse ku Scotland, ndipo uli m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Livingstone anabadwira ku Blantyre, makilomita 13 okha kuchokera kumeneko, ndipo udokotala anauphunzira mumzindawu. Kampani ya Mandala inakhazikitsidwa komweko. Sitima ya Ilala inapangidwa komweko. Mbiri yathu ndi yawo zinalukana kalekale, kungoti ife timadziwa mbali yokoma yokha. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Misewu ya fodya

Tsiku loyamba mayi aja anandiuza kuti ndiziwerenga mayina a misewu. Ndinawerenga: Virginia Street, Jamaica Street, Tobago Street. Kenaka Buchanan Street, msewu wa masitolo odula, ndi Glassford Street. Mayina atatu oyambawo ndi a malo a ku America ndi zilumba za Caribbean kumene kunali minda ya akapolo. Awiri enawo ndi a anthu amene analemera ndi zokolola za minda imeneyo.

Nkhani yake inayamba mu 1707, pamene Scotland inalumikizana ndi England kukhala dziko limodzi. Mgwirizanowu unatsegulira amalonda a ku Scotland madera amene England inkalamulira kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Glasgow ili chakumadzulo, choncho sitima zake zinkafika ku Virginia ndi Maryland msanga kuposa zochokera ku London. Amalondawo anakatsegula masitolo kumeneko. Mlimi ankatenga makasu, nsalu ndi mapoto pa ngongole, n'kudzabweza ndi fodya pokolola. Pofika cha m'ma 1770, fodya woposa theka la yense wolowa mu Britain ankatsikira m'madoko a mtsinje wa Clyde, ndipo wambiri ankamugulitsanso ku France ndi mayiko ena. Amalonda ngati John Glassford, Andrew Buchanan ndi William Cunninghame anafika potchedwa mafumu a fodya. Amati ankayenda pamsewu atavala mikanjo yofiira, ndodo zili m'manja, anthu wamba n'kumawapatukira.

Amene ankadzala, kupalira ndi kuthyola fodya wambiriyo anali akapolo ochokera ku Africa ndi ana awo. Nkhondo ya ufulu wa America itayamba mu 1775 malonda a fodya anasokonekera, koma ndalama zinangosamukira ku shuga ndi thonje, zolimidwanso ndi akapolo. Chifukwa chakuti sitima zonyamula akapolo zinkanyamukira kwambiri ku Liverpool, Bristol ndi London, anthu a ku Glasgow anakhala zaka zambiri akunena kuti za ukapolo n'za Angelezi, iwo sizikuwakhudza. Koma ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la 1833, boma la Britain linapereka chipepeso cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, ndipo ena mwa olandirawo anali a ku Glasgow. Akapolo enieniwo sanalandire kalikonse.

Nyumba ya Cunninghame ilipobe, anaisandutsa malo oonetserako zojambulajambula. Kutsogolo kwake kuli chiboliboli cha Duke of Wellington ali pa hatchi, ndipo kuyambira m'ma 1980 anthu akhala akuchiveka kumutu chipulasitiki chosongoka chija amaika pamsewu akamakonza. Khonsolo inkachotsa, kukacha chabwerera. Mu 2013 inafuna kukweza tsinde la chibolibolicho kuti anthu asamafikire, koma anthu anakana mpaka inasiya. Alendo amajambulitsa pamenepo akuseka, osadziwa kuti nyumba ili kumbuyo kwawoyo inamangidwa ndi thukuta la yani. Chinanso chimene ndinaona ndi chithunzi cha banja la Glassford chojambulidwa cha m'ma 1767. Kumbuyo kwa bamboyo, m'mbali, kuli mnyamata wakuda, kapolo wa m'nyumba. Kwa zaka zambiri sankaoneka bwino, ndipo anthu ankati anachita kumufufuta dala. Akatswiri atatsuka chithunzicho mu 2007 anapeza kuti linali litsiro la zaka zambiri lomwe linamukwirira. Dzina lake palibe analilemba.

Mtembo wa Matthew Clydesdale

Pa 4 Novembala 1818, bambo wina woomba nsalu dzina lake Matthew Clydesdale ananyongedwa pagulu ku Glasgow atapezeka wolakwa pa mlandu wopha nkhalamba ina. Mwa lamulo la nthawi imeneyo, mtembo wa munthu wopha mnzake sunkaikidwa m'manda mwaulemu. Nthawi zambiri unkaperekedwa kwa madokotala kuti akautumbule pophunzira. Choncho mtembowo anautengera ku yunivesite, m'chipinda chodzaza ndi ophunzira ndi anthu ofuna kuonerera. Kumeneko kunali pulofesa James Jeffray ndi Dr Andrew Ure, atakonzeratu batire lalikulu.

Ure anacheka mtembowo pakhosi, m'chiuno ndi pachidendene, n'kulumikiza mawaya ku mitsempha. Atalowetsa mphamvu ya magetsi, mwendo unatambasuka mwamphamvu, kutsala pang'ono kugwetsa womuthandiza. Atasuntha mawaya, chifuwa chinayamba kukwera ndi kutsika ngati munthu akupuma. Nkhope inachita tsinya, kenaka ngati ikumwetulira, ndipo chala chinaoneka ngati chikuloza anthu. Ena anathawa, bambo wina anakomoka. Pambuyo pake kunabuka nthano yakuti Clydesdale anadzuka n'kukhala tsonga, ndipo pulofesa anachita kumucheka pakhosi. Zimenezo sizinachitike. Zinalembedwa patapita zaka zambiri ndi munthu wokonda kuthira mchere nkhani. Ndimakonda kupatsa ana nkhani ziwirizi, ya Ure mwiniwake ndi ya wolemba winayo, kuti andiuze yoti tiikhulupirire ndi chifukwa chake.

Mitembo ya onyongedwa inali yochepa, pamene ophunzira udokotala ankachulukirachulukira. Ndiye panabuka malonda ofukula manda usiku. Ife kuno timaopa ngakhale kuloza manda ndi chala, koma kumeneko mabanja ankachita kulondera manda a abale awo, ndipo opeza bwino ankawatchinga ndi zitsulo ngati khola. Zina mwa zitsulozo ndinaziona ndi maso anga pafupi ndi tchalitchi chachikulu chakale cha mzindawu. Lamulo la 1832 linathetsa malondawa pololeza madokotala kutenga mitembo ya anthu ofera m'zipatala ndi m'nyumba zosungirako osauka, ngati palibe wachibale wodzaitenga. Chimene kale chinali chilango cha opha anzawo chinagwera amphawi.

Ure yemweyu ndi amene mu 1835 analemba buku lotamanda mafakitale, momwe ananena kuti ana ogwira ntchito m'menemo ankaoneka osangalala ngati ali pamasewera. Zaka 12 m'mbuyo mwake, mu 1823, mnyamata wa zaka 10 anayamba ntchito pa fakitale ya thonje ku Blantyre. Ntchito yake inali yolumikiza ulusi ukaduka pa makina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenaka sukulu kwa maola awiri. Banja lake lonse linkagona m'chipinda chimodzi. Mnyamatayo anali David Livingstone. Mu 1836 anayamba maphunziro a udokotala pa Anderson's, sukulu yomweyo imene Ure anaphunzitsapo mpaka 1830, ndipo fizi ankalipira ndi malipiro a ku fakitale. Thonje lambiri limene mafakitale amenewo ankapota linali lolimidwa ndi akapolo kutsidya kwa Atlantic. Taganizani, munthu amene anadzafuula za malonda a akapolo m'chigwa cha Shire anaphunzira ndi ndalama za thonje la akapolo. Iye mwini ankazidziwa izi, n'chifukwa chake ankalakalaka kuti kuno kuzilimidwa thonje ndi anthu aufulu, kuti Britain isiye kudalira la ku minda ya ukapolo.

Nyumba za matikiti

Mu 1801 Glasgow inali ndi anthu pafupifupi 77,000. Pofika 1901 anali oposa 750,000. Anabwera kuchokera kumapiri a kumpoto kwa Scotland, kumene eni malo ankathamangitsa anthu kuti aziwetapo nkhosa, ndiponso ku Ireland, makamaka pa njala imene inayamba mu 1845. Ntchito inalipo: thonje, malasha, zitsulo, injini za sitima za pamtunda ndi sitima za pamadzi. Pogona ndiye panavuta. Anthu anaunjikana m'nyumba zosanja, mabanja ambiri chipinda chimodzi chokha, kuphika momwemo, kugona momwemo, wodwala momwemo, maliro momwemo. Chimbudzi chinali chimodzi cha mabanja angapo, kapena dzala la kuseri basi.

Kuyambira m'ma 1860 akuluakulu a mzinda anayamba kuyeza tinyumba ting'onoting'ono n'kukhomerera kachitsulo pachitseko, kolembedwa chiwerengero cha anthu ololedwa kugona m'menemo. Mwana wamng'ono ankawerengedwa ngati theka la munthu. Pakati pa usiku oyendera ankagogoda atanyamula nyali kudzawerenga mitu, ndipo akapeza ochuluka, mwini khomolo ankakayankha kukhoti. Anthu ankabisala m'makabati ndi kunsi kwa bedi, ena mpaka kukwera padenga. Ankalangidwa chifukwa chothinana, koma kwina kopita sanawapatse.

M'malo otere kolera sichedwa. Mu 1832 inapha anthu oposa 3,000. Inabweranso mu 1848 ndi mu 1853, ulendo uliwonse n'kutenga anthu pafupifupi 4,000. Madzi akumwa ankachokera m'zitsime ndi mumtsinje wa Clyde, umene unali utaipitsidwa ndi zonyansa za anthu ndi za mafakitale. Khonsolo itatenga ntchito ya madzi m'manja mwa makampani, inaganiza zokawatenga ku nyanja ya Loch Katrine, kumapiri. Motsogozedwa ndi injiniya John Frederick Bateman, anakumba ngalande ndi kuboola mapiri mtunda wa makilomita 42, madzi n'kumayenda okha motsetsereka popanda pampu. Mfumukazi Victoria anatsegulira ntchitoyi pa 14 Okutobala 1859. Taonani chakacho. Panali patangopita mwezi umodzi Livingstone atafika pa nyanja yathu mu Seputembala 1859. Pamene iye ankalemba za mavuto a kuno, kwawo anali atangoyamba kumene kumwa madzi abwino. Kolera itabweranso mu 1866, ku Glasgow inapha anthu osakwana 100. Ife amene tinaona sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zikuchedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023 chifukwa cha matenda omwewa, phunziro lake tikulimva. Kolera siyang'ana khungu, imayang'ana kumene munthu watunga madzi.

Milandu itatu

Mu 1857 Madeleine Smith, mwana wa katswiri wotchuka wojambula mapulani a nyumba, anazengedwa mlandu wopha chibwenzi chake cham'seri, kalaliki wosauka dzina lake Pierre Emile L'Angelier. Mtsikanayo anali atapeza mwamuna wolemera woti amange naye banja, ndipo L'Angelier ankaopseza kuti akaonetsa makalata awo achikondi kwa bambo ake. L'Angelier anafa ndi poizoni wa arsenic, ndipo zinadziwika kuti Madeleine anagula poizoni wamtunduwu m'masabata omwewo. Koma panalibe mboni imene inawaona ali limodzi usiku womaliza. Makhoti a ku Scotland anali ndi zigamulo zitatu: wolakwa, wosalakwa, ndi chakuti mlandu sunatsimikizike. Madeleine anapatsidwa chachitatucho n'kumasulidwa, ndipo anakafera ku America mu 1928 ali nkhalamba. Nyumba ya malamulo ya ku Scotland inavota mu 2025 kuti chigamulo chachitatuchi chithe.

Mu 1865 Dr Edward Pritchard ananyongedwa chifukwa chopha mkazi wake ndi apongozi ake aakazi powathirira poizoni pang'onopang'ono, uku akunamizira kuwasamalira ngati dokotala. Anthu masauzande ambirimbiri anasonkhana kudzaonerera, ndipo kumeneku kunali kunyonga kwa pagulu komaliza mumzindawu.

Wachitatu ndi Oscar Slater, Myuda wochokera ku Germany. Mu Disembala 1908 gogo wina wolemera, Marion Gilchrist, anapezeka ataphedwa m'nyumba mwake. Apolisi anamata mlanduwo pa Slater chifukwa cha kaphini ka dayamondi kokongoletsera malaya kamene anapinyolitsa, ngakhale anadziwa msanga kuti sikanali ka malemuwo. Anamugamula kuti anyongedwe, kenaka anasintha kukhala ndende moyo wonse. Anakhalamo zaka zoposa 18, mpaka Arthur Conan Doyle, mlembi wa nthano za Sherlock Holmes, ndi anthu ena atamumenyera nkhondo. Chigamulocho chinafafanizidwa mu 1928. Mukaika Madeleine ndi Slater pamodzi, muona nokha kuti kukaika kwa khoti kunakomera yani. Mwana wa bwana anabwerera kwawo, mlendo wopanda mbale anakathera zaka zake akuphwanya miyala ku ndende ya Peterhead.

Banki, Daphne ndi Ilala

Chaka cha 1878 timachidziwa chifukwa ndi pamene amalonda a ku Glasgow, mmodzi wa iwo James Stevenson, anakhazikitsa kampani imene inadzatchedwa African Lakes, n'kutumiza kuno abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina la Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir. Chimene mabuku athu satchula n'chakuti mu Okutobala chaka chomwecho banki yaikulu ya City of Glasgow Bank inagwa. Akuluakulu ake ankakongoza anzawo ochepa ndalama zankhaninkhani, n'kumalemba zabodza m'mabuku a ndalama. Masiku amenewo mwini masheya ankayankha ngongole za banki ndi chuma chake chonse. Pa masheya alionse a mapaundi 100, munthu anauzidwa kupereka mapaundi 2,750. Mwa eni masheya 1,819, amene anatsala ataimabe anali 254 okha. Pakati pa ogwawo panali amayi amasiye, abusa ndi eni timasitolo. Akuluakulu a bankiyo anamangidwa, koma okhalitsa m'ndende anagamulidwa miyezi 18 yokha.

Ulemerero waukulu wa Glasgow unali sitima. Nkhondo ya 1914 isanayambe, pafupifupi sitima imodzi mwa zisanu zilizonse zopangidwa pa dziko lonse inkachokera pa Clyde. Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1901, inapangidwa ku Glasgow n'kubwera ili zidutswazidutswa. Ilala yachiwiri, imene tonse tikuidziwa, inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun mu 1949, nayonso inabwera m'zidutswa n'kuyamba kuyenda mu 1951. Koma ntchitoyi inkadya anthu. Pa 3 Julayi 1883 sitima yatsopano yotchedwa Daphne inkatsitsidwira m'madzi ku Linthouse. Pofuna kuti ntchito ithe msanga, amisiri pafupifupi 200 anawasiya m'katimo kuti apitirize ikangoyandama. Maunyolo ochepetsa liwiro anagwira mbali imodzi yokha, sitimayo inapendekeka, madzi analowa, ndipo m'mphindi zochepa inamira. Anafa anthu 124, ena mwa iwo anyamata ang'onoang'ono ophunzira ntchito. Kafukufuku anapeza kuti sitimayo inali yosakhazikika bwino m'madzi, ndipo kuyambira pamenepo anthu okhala m'sitima poitsitsa anachepetsedwa. Eni kampani sanapezeke olakwa. Sitimayo anaivuula, anaikonza, n'kuipatsa dzina lina lakuti Rose, ntchito n'kupitirira.

Chilombo cha ku Gorbals

Gorbals ndi dera la kummwera kwa mtsinje lomwe linkatchuka ndi umphawi. Mu Ogasiti 1900 kunabuka mliri wa makoswe, matenda amene anthu ankaganiza kuti anatha kalekale kumeneko. Angapo mwa odwala oyamba anali atakhala nawo pa maliro m'kachipinda kothinana. Akuluakulu a zaumoyo anapatula onse amene anakhudzana ndi odwala, anathira mankhwala m'nyumba, n'kuyamba kupha makoswe. Anafa anthu 16.

Koma nkhani imene ana anga amaikonda kwambiri ndi ya 1954. Madzulo ena mu Seputembala, wapolisi anaitanidwa ku manda aakulu a Southern Necropolis. Anapeza ana mazanamazana, ena aang'ono kwambiri, atanyamula mipeni ndi ndodo zosongola. Atawafunsa, anati akusaka chilombo choyamwa magazi, chotalika mamita awiri, cha mano achitsulo, chimene chagwira ndi kudya anyamata awiri. Mphekeserayo inali itayenda m'masukulu a m'deralo. Kuseri kwa mandawo kunali ng'anjo za fakitale yosungunula zitsulo ya Dixon's Blazes, zimene usiku zinkafiiritsa thambo n'kumaponya zithunzithunzi pa ziliza. Anawo anabwereranso madzulo otsatira. Palibe mwana amene anasowa, ndipo chilombo sichinapezeke. Akuluakulu analoza chala timabuku ta zithunzi ta nkhani zoopsa tochokera ku America, ndipo mu 1955 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo loletsa mabuku otere. Ofufuza ena pambuyo pake anati mwina anawo anatenga nkhaniyi ku nthano zoopsezera ana za makolo awo, kapena ku chilombo cha mano achitsulo cha m'buku la Danieli.

Ndikamasimba zimenezi kalasi imaseka, kenaka wina amatchula anamapopa, kuseka n'kuthera pomwepo. Mu 2017 mphekesera yonga yomweyi inayenda ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Mantha oterewa alibe mtundu. Amamera paliponse pamene anthu akusauka, ali ndi nkhawa, ndipo sakukhulupirira owalamulira. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Gorbals osakawo anali ana, ndipo anabwerera kwawo osapha munthu. Apa ndiye ife tiyenera kuwerama.

Amene anakana

Ndingalakwe nditasiyira pa zoipa zokhazokha. Mu 1915, amuna ambiri ali ku nkhondo, anthu anakhamukira ku Glasgow kudzagwira ntchito m'mafakitale a zida, ndipo eni nyumba anapezerapo mwayi wokweza lendi. Amayi a ku Govan, motsogozedwa ndi Mary Barbour ndi anzake, anakana kulipira ndalama zowonjezerazo. Mayi mmodzi ankakhala pakhomo la mdadada kulondera. Akaona wodzatulutsa anthu m'nyumba ankaliza belu, amayi onse n'kutuluka ndi ufa ndi china chilichonse choti am'gende nacho. Pofika Novembala mabanja pafupifupi 20,000 anali atalowa nawo. Pa 17 Novembala, anthu ena atatengeredwa kukhoti, amisiri a sitima anasiya ntchito n'kudzazinga khotilo pamodzi ndi amayiwo. Milandu inathetsedwa, ndipo chaka chisanathe boma linakhazikitsa lamulo losunga lendi ya nyumba za anthu wamba pa mtengo wa nkhondo isanayambe, m'Britain monse.

Mzinda womwewu ndi umene mu 1981 unakhala woyamba pa dziko lonse kupatsa Nelson Mandela ulemu wa ufulu wa mzinda, iye akadali m'ndende. Mu 1986 khonsolo inasintha dzina la msewu umene munali ofesi yoimira boma la tsankho la South Africa kukhala Nelson Mandela Place, kuti kalata iliyonse yopita kumeneko izinyamula dzina la mkaidi wawo. Mandela anabwera yekha kudzathokoza mu 1993. Mu 2018 yunivesite ya Glasgow inavomera poyera kuti inalandirapo mphatso zochokera ku chuma cha ukapolo, ndipo mu 2019 inalonjeza kupeza mapaundi 20 miliyoni ogwirira ntchito limodzi ndi University of the West Indies. Mu 2022 khonsolo ya mzinda inapepesa. Mayina a mafumu a fodya aja anali akadali pa misewu pamene ndinkayendamo. Mayi anandisunga aja anati iwo safuna kuti achotsedwe, akufuna kuti pansi pa dzina lililonse palembedwe kumene ndalamazo zinachokera.

Sindinalembe izi kuti tinyoze amishoni ayi. Ambiri a ife tinadutsa m'sukulu ndi m'zipatala zimene anayambitsa, ndipo manda a anzawo amene anafa ndi malungo ali ku Cape Maclear. Ndalemba chifukwa mwana amene amangophunzira kuti kuno kunali mdima ndipo kuwala kunabwera pa sitima, amakula akudziona wochepa, n'kumadikira kuti vuto lililonse adzathetse ndi mlendo. Koma akadziwa kuti ku Glasgow kunali kolera, kusowa pogona, banki yakuba, makhoti okondera ndi mphekesera za oyamwa magazi, ndiponso kuti zina mwa izi zinatha chifukwa khonsolo inakumba ngalande ndipo amayi analiza belu, amayamba kufunsa kuti nanga zathuzi adzakumbe ndani.

Masiku ano ndisanalembe 1859 pa bolodi ndimayamba ndalemba 1823, n'kusimba za mnyamata wa zaka 10 wolumikiza ulusi uja. Zimandidyera mapiriyodi awiri amene silabasi sinandipatse, ndipo ndikudziwa kuti pa mayeso a MSCE sadzafunsa za Daphne. Komabe ana amamvetsa bwino Livingstone akadziwa kumene anachokera, ndipo mayankho awo amaoneka kuti aganiza okha. Aphunzitsi anzanga, tayesani teremu imodzi muone.

Ndipo iwe mwana wanga amene unafunsa funso lija, pano uyenera kuti ndiwe mayi wa ana ako. Ngati mawuwa akupeza kumene uli, undikhululukire chifukwa chokuthawa tsiku lija. Funso lako linali labwino. Inde, kwawo kunali mavuto, ambiri ndithu.